Buku silimera ngati bowa: ndani alipire mabuku a mipingo ya Baptist?

ULONGWE — M'maboma a m'malire a chigawo cha Tete, monga Angonia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, nyumba zopemphereramo zachuluka kwambiri chisainireni pangano la mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Zina n'zamalata, zina n'zofolera ndi udzu, kwina anthu amangosonkhana pansi pa mtengo. Koma pali chinthu chimodzi chimene sichidachuluke pamodzi ndi nyumbazi. Chinthucho ndi mabuku a m'chilankhulo chimene anthu amalankhula pakhomo.

Amene amapemphera m'midzi nkhaniyi akuidziwa. Buku la nyimbo limodzi amaunjikirana anthu anai kapena asanu. Baibulo la mlaliki lidathothoka chikuto kalekale, ndipo masamba oyamba ndi otsiriza adapita ndi chiswe. Mphunzitsi wa Sande sukulu amaimirira pamaso pa ana ali chimanjamanja, n'kumangobwereza nkhani zomwe iye mwini adamva ali mwana.

Vutoli lili m'mipingo yambiri, koma kwa a Baptist lili ndi mfundo yakeyake. A Baptist alibe bishopu wokhala kutauni amene angalamule kuti ndalama zakutizakuti zipite ku ntchito yakutiyakuti. Mpingo uliwonse umadzilamulira wokha. Akhristu ake ndiwo amakhala pansi, kusankha m'busa wao ndi kugwirizana za kagwiritsidwe ntchito ka chopereka. Bungwe lalikulu, monga Convenção Baptista de Moçambique, limadalira zimene mipingo yatumiza mwa kufuna kwake pamodzi ndi mphatso za abwenzi akunja.

Tsono ngati msonkhano wa mpingo wa pamudzi sunena kanthu za mabuku, palibe wina pamwamba amene angaukakamize. Ntchito yolemba ndi kusindikiza imangokhala mwana wamasiye, woti aliyense amamumvera chisoni koma palibe womutengera kunyumba.

Mapaundi 10 a wamalonda

Mbiri ya a Baptist eni ake ikuonetsa kuti imodzi mwa ntchito zao zazikulu idayamba ndi munthu amene adalipira kuti zolemba za mnzake zisindikizidwe.

Ku England kudali m'busa wina wosauka, dzina lake William Carey. Popeza mpingo wake sunkatha kumlipira zokwanira, iye ankasoka nsapato ndi kuphunzitsa ana kuti pakhomo pasagone njala. Carey adali ndi mfundo imene inkamsowetsa tulo, yakuti Akhristu ali ndi udindo wopita ndi uthenga wao kumaiko akutali. Abusa anzake ambiri sankaiika kumtima. Iye adaganiza zoilemba bwinobwino kuti anthu aiwerenge mofatsa, koma ndalama yosindikizira adalibe.

Apa ndi pamene adatulukira Thomas Potts, wamalonda wa mumzinda wa Birmingham, amene adalonjeza mapaundi 10 olipirira kusindikizako. Kabukuko, ka masamba 87, kadatuluka mu 1792. Pa 2 Okutobala chaka chomwecho, abusa owerengeka adakumana m'nyumba ya mai wina wamasiye m'tauni ya Kettering n'kukhazikitsa bungwe lotumiza amishoni, limene pambuyo pake lidadziwika ndi dzina lakuti Baptist Missionary Society. Chopereka cha tsikulo chidangokwana mapaundi 13, mashileni 2 ndi mapeni 6.

M'kabukuko Carey sadayang'ane olemera okha. Adalangiza kuti ngakhale Mkhristu wamba angathe kumapatula peni imodzi pa mlungu, ndipo mapeniwo akaphatikizana ntchito ingayende.

Mu 1793 Carey adapita ku India. Mu 1800 adakhazikika ku Serampore, tauni ya kufupi ndi Calcutta imene panthawiyo inkalamulidwa ndi dziko la Denmark. Kumeneko adagwirizana ndi anzake awiri, William Ward wodziwa ntchito yosindikiza ndi Joshua Marshman mphunzitsi. Chaka chotsatira adatulutsa Chipangano Chatsopano m'chilankhulo cha Bengali.

Ntchitoyi sadaigwire okha. Adalemba ntchito Amwenye ophunzira odziwa bwino zilankhulo zao, ndiponso mmisiri wina wosula zitsulo, Panchanan Karmakar, amene ankasema zilembo zosindikizira. Anthu onsewa ankalandira malipiro. Ndalama yambiri inkachokera m'matumba a amishoniwo. Carey ankaphunzitsa pa Fort William College ku Calcutta, banja la Marshman linkayendetsa sukulu zolipira, ndipo zimene ankapeza ankaziika m'thumba limodzi la ntchitoyo.

Usiku wa moto

Madzulo a pa 11 Malichi 1812 nyumba yosindikizira ya ku Serampore idagwira moto. Carey adali ku Calcutta ndipo adamva uthengawo m'mawa mwake. Mitokoma ya mapepala idapsa. Zilembo zosindikizira za zilankhulo zambiri zidasungunuka. Chopweteka kwambiri, zolemba pamanja zimene adazivutikira zaka zambiri, kuphatikizapo buku lalikulu lomasulira mau a zilankhulo zingapo za ku India, zidasanduka phulusa. Mwamwai makina osindikizira adapulumuka, ndipo m'phulusamo adapezamo zitsulo zoumbira zilembo zili zosaonongeka.

Masiku amenewo kalata inkayenda pa sitima ya pamadzi, motero nkhaniyi idatenga miyezi kuti ifike ku Britain. Itafika, mipingo idayamba kusonkha. Miyezi iwiri isanathe zidapezeka ndalama zokwana mapaundi ngati 10,000, ndipo Akhristu a mipingo ina naonso adaponyapo zao. Mlembi wa bungwelo, Andrew Fuller, adachita kulengeza kuti anthu aleke kupereka chifukwa zoonongekazo zidali zitabwezedwa kale. Pamene Carey ankamwalira mu 1834, ku Serampore adali atasindikiza Baibulo lathunthu kapena zigawo zake m'zilankhulo pafupifupi 40.

Ambiri mwa anthu amene adasonkha ndalamazo sadaione India ndi maso ao, ndipo sakadatha kuwerenga ngakhale mzere umodzi wa mabukuwo. Adapereka chifukwa ankaona makina osindikizira ngati mbali ya ntchito ya mpingo, chimodzimodzi guwa lolalikirapo.

Mmishoni amachoka, buku limatsala

Anthu a kuno kumalire safunika kupita ku India kuti amvetse zimenezi. Mu 1909 amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adatsegula mishoni pa Mphatso, m'chigawo chino cha Tete. Mu 1922 boma la Apwitikizi lidatseka ntchito yao ndipo amishoniwo adachoka. Chaka chomwecho ndi chimene Baibulo lathunthu la Chinyanja, Buku Lopatulika, lidasindikizidwa, patapita zaka zoposa 20 chiyambire ntchito yolimasulira imene adaitsogolera William Murray. Olipira adali mabungwe a Baibulo a ku Scotland ndi ku London, amene ankadalira zopereka za Akhristu wamba.

Akhristu otsalawo adakhala zaka zambiri opanda m'busa wao. Ankaoloka malire kupita ku Nyasaland kukabatizidwa ndi kukadya mgonero. Lamulo lidathamangitsa mmishoni, koma buku loti lalowa kale m'thumba la munthu ndi lovuta kulithamangitsa. Iwowa sadali a Baptist, koma phunziro lake ndi la mpingo uliwonse.

Pa nthawi ya nkhondo imene idatha mu 1992, anthu a dziko lino oposa 1 miliyoni adathawira ku Malawi. Ana ambiri adaphunzira kuwerenga Chichewa m'sukulu za kumeneko. Adapezanso mpingo wa Baptist utazika kale mizu. Amishoni a Southern Baptist a ku America adafika m'dzikolo mu 1959, ndipo mu 1970 mipingo idakhazikitsa Baptist Convention of Malawi. Ku Lilongwe kudali ntchito yosindikiza mabuku a Baptist. Kudali buku la nyimbo lotchedwa Nyimbo za Chigonjetso, komanso maphunziro a Baibulo odzera pa positi otchedwa Bible Way, amene munthu ankayankha mafunso ali kwao n'kutumiza pepala kuti akachonge.

Pobwerera kumudzi, anthu adasenza miphika, makasu ndi mphasa, ndipo ena m'katundumo adali ndi mabuku. Papita zaka zoposa 30 tsopano. Buku la pepala silingapirire chinyezi, utsi ndi makoswe kwa zaka zonsezi.

Chitsime chakunja sichidzaza monga kale

Kwa nthawi yaitali mabuku achikhristu ankafika otsika mtengo kapena aulere, chifukwa wina kutsidya la nyanja adali atalipira kale. Anthu adazolowera kuganiza kuti buku la mpingo ndi chinthu chongolandira.

Zinthu zidasintha. Mu 1997 bungwe la amishoni la Southern Baptist lidatenga dzina latsopano lakuti International Mission Board, ndipo lidayamba kuika mphamvu zake pa kudzala mipingo kumadera kumene uthenga sudafike. Ntchito zokhazikika, monga sukulu, zipatala ndi zosindikiza, zidayamba kusiyidwa pang'onopang'ono m'manja mwa mipingo ya eni dziko. Mu 2015 ndi 2016 bungwe lomwelo lidachepetsa amishoni ndi antchito ake ndi anthu oposa 1,000 kaamba ka kuperewera kwa ndalama.

Mabuku a Baptist a m'Chipwitikizi alipo ndithu. A Baptist a ku Brazil adayamba kalekale ntchito imeneyi, moti nyuzi yao ya O Jornal Batista idayamba kutuluka mu 1901. Mabuku otere amathandiza m'busa amene adapita kusukulu ya ubusa ndi Akhristu a m'mizinda monga Tete, Beira ndi Maputo. Koma gogo wa ku Domwe kapena mlimi wa fodya wa ku Furancungo amapemphera, kulira ndi kuseka m'Chichewa. M'busa amene adaphunzira zonse m'Chipwitikizi amachita kumasulira m'mutu ali chiimire pa guwa, ndipo mau ena amatayikira panjira.

Chinanso ndi ichi. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma lidayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, ndipo chigawo cha Tete chidasankhidwa kuti chiyese Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi. Kuyambira 2003 maphunziro otere adalowa m'ndondomeko ya sukulu za pulaimale. Tsono pali ana ndi achinyamata odziwa kuwerenga chilankhulo chao. Funso ndi lakuti, akaweruka kusukulu aziwerenga chiyani?

Ndalama ya buku imapita kuti

Ambiri amaganiza kuti mtengo wa buku ndi pepala ndi inki basi. Koma buku lisanafike pa makina limadutsa m'manja ambiri. Wolemba amatha miyezi akulemba ndi kufufuta, nthawi imene anzake ali kumunda kapena kumsika. Ngati bukulo lachokera m'chilankhulo china, pafunika womasulira. Mkonzi amaona ngati chiphunzitso chili cholondola ndiponso ngati mau ake ndi omveka kwa munthu wa kumudzi. Wina amataipa pa kompyuta ndi kuyala masamba, wina amajambula chikuto.

Ndalama za ntchito zimenezi sizisintha, kaya mabuku asindikizidwa ochepa kaya ambiri. Mwachitsanzo chabe, ngati kukonza bukulo kwadya mametikali 50,000 ndipo asindikiza mabuku 200, buku lililonse lasenza mametikali 250 pepala lisanagulidwe n'komwe. Koma akasindikiza 5,000, buku lililonse lasenza mametikali 10 okha. Ichi ndi chifukwa chake mpingo umodzi paokha sungathe, pamene mipingo yambiri ikaitanitsa pamodzi mtengo umatsika. Mutu umodzi susenza denga.

Pamwamba pa izi, mapepala, inki ndi zipangizo zambiri za makina zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama yakunja. Mwini makina amafuna malipiro asanayambe ntchito, chonsecho mlimi amakhala ndi ndalama pokhapokha akakolola. Kenaka pali ulendo. Katoni ya mabuku ichoke ku Beira kapena ku Lilongwe, ifike pa Ulongwe, ikwere galimoto ina, potsiriza imangidwe pa njinga. Pakati ponsepa pafunika thumba loti lilipire lero n'kudikira kuti ndalama idzabwerere m'miyezi ya m'tsogolo.

Ku America a Southern Baptist adakhazikitsa bungwe lao losindikiza ku Nashville mu 1891, limene masiku ano limatchedwa Lifeway. Bungweli limadziyendetsa ndi malonda ake, chifukwa mipingo masauzande imagula maphunziro a Sande sukulu chaka ndi chaka. Kumeneko kugula kwa mipingo ndiko kumene kudaimika ntchitoyo. Kuno, kumene ogula ndi ochepa ndiponso osauka, malonda okha sangakwanitse pachiyambi popanda chopereka.

Zimene okayika amanena

Si onse amene amagwirizana ndi ganizo lopatula ndalama ya mabuku, ndipo zifukwa zao si zopepuka.

Ena amati denga la tchalitchi likudontha, abusa alibe ndi njinga yomwe, amasiye akugona ndi njala, nanga pepala lidyedwa? Izi n'zoona, ndipo palibe amene akunena kuti ndalama ya amasiye ipite ku makina. Koma m'madera amene m'busa mmodzi amayendera mipingo ingapo, Lamulungu lambiri wolalikira amakhala dikoni kapena mkulu wina amene sadapiteko kusukulu ya ubusa. Kwa munthu wotere kabuku kofotokoza bwino Malemba ndiye mphunzitsi yekhayo amene angagone m'nyumba mwake. Ndipo a Baptist amaphunzitsa kuti Mkhristu aliyense ali ndi ufulu ndi udindo wodziwerengera yekha Baibulo, ndi kulankhula pa msonkhano wa mpingo. Mpingo wolamulidwa ndi anthu ake umafuna anthu odziwa zimene amakhulupirira. Zikapanda kutero, amangotsatira aliyense wa mau okweza, ngakhale wogulitsa madzi ndi mafuta ozizwitsa.

Ena amati anthu ambiri, makamaka amai achikulire, sadziwa kuwerenga. Koma kumudzi buku siliwerengedwa ndi munthu mmodzi. Mdzukulu amawerengera gogo wake, mtsogoleri wa amai amawerengera gulu lonse. Ndiponso munthu amalimbikira kuphunzira kuwerenga akaona kuti pali chinthu choti akawerenge.

Achinyamata amati zonse zili kale pa foni. Zoonadi, Baibulo la Chichewa limapezeka pa foni, ndipo nyimbo ndi maulaliki zimayenda pa WhatsApp. Foni ingachepetse ndalama ya pepala ndi ya galimoto. Koma foni silemba phunziro yokha. Wolemba, womasulira ndi mkonzi afunikabe kudya. Komanso foni imafuna moto, netiweki ndi ndalama ya intaneti, pamene buku limangofuna kuwala kwa dzuwa.

Dandaulo lalikulu kwambiri ndi la kukhulupirika. Anthu amaopa kuti ndalama ikapita kutauni imalowa m'dzenje lopanda pansi. Apa mankhwala ake ndi poyera. Mpingo wopereka uli ndi ufulu wolandira lisiti, ndi kumva pa msonkhano wa pachaka kuti zidasonkhedwa zingati, asindikiza mabuku angati, afika kuti, ndipo zatsala zingati. Ndalama zotumiza pa M-Pesa kapena e-Mola zimasiya umboni pa foni, chinthu chimene envulopu yopatsira munthu wapaulendo siichita.

Pang'onopang'ono ndi mtolo

Njira zothandizira si zachilendo kwa anthu a kumudzi. Yoyamba ndi kugula. Mpingo umene umagulira aphunzitsi ake a Sande sukulu mabuku chaka chilichonse wathandiza kale wosindikiza. Koma umene umabwereka buku limodzi n'kukalichita fotokope kangapo umapha ntchito imene ukuidalira, chifukwa wosindikizayo sapeza ndalama yotulutsira buku lachiwiri.

Yachiwiri ndi kupatula Lamulungu limodzi pambuyo pa kukolola kuti likhale la mabuku. Amene alibe ndalama abwere ndi chimanga, nyemba, soya kapena mbatata ya kachewere, madikoni akagulitse pamsika. Peni ya Carey ija ingawerengedwenso m'ndalama ya lero. Mpingo wa anthu 60, aliyense atamapereka mametikali 5 pa mwezi, ungapeze 300 pa mwezi ndi 3,600 pa chaka. Mipingo 50 yotere ingasonkhanitse mametikali 180,000 pa chaka. Imeneyi ndi ndalama yoti n'kuyamba nayo kabuku.

Yachitatu ndi kugwirana manja ndi abale a tsidya lina la malire. Chilankhulo chimene chimalankhulidwa ku Angonia ndi chomwecho cha ku Dedza ndi Ntcheu ku Malawi, ndi cha ku Katete ndi Chipata ku Zambia. Buku limodzi lokonzedwa bwino lingagulitsidwe m'maiko atatu, ndipo kuchuluka kwa mabuku kungatsitse mtengo kwa onse.

Yachinai, imene imaiwalika kawirikawiri, ndi kulemekeza wolemba. Samuel Josia Ntara adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma ku Malawi. Buku lake la Nthondo lidatuluka mu 1933 atapambana pa mpikisano wa olemba m'zilankhulo za mu Afrika, ndipo pambuyo pake adalembanso Mbiri ya Achewa. Luso adali nalo kale, koma chidalitulutsa poyera ndi chakuti padali mphotho ndi wosindikiza. M'mipingo ya m'malire muno muli aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi amai otsogolera anzao amene angathe kulemba. Kope, cholembera, ndalama yoyendera ndi kamalipiro pang'ono n'zimene zimasiyanitsa munthu wongofuna kulemba ndi munthu wolemba.

Zoti alembe n'zambiri, ndipo zina palibe mlendo amene angazilembe bwino. Pali malangizo a chinamwali ndi a ukwati, kayendetsedwe ka maliro, mantha a ufiti amene amapasula mabanja, ngongole ndi kasungidwe ka ndalama ya fodya, ndi moyo wa banja limene bambo ali ku Joni. Palinso mbiri. Ku Malawi, Hany Longwe adalemba mbiri ya Baptist Convention ya dzikolo, imene idatuluka mu 2011. Koma mbiri ya mipingo yambiri ya m'midzi ya kuno ikadali m'mitu ya okalamba, amene akudziwa yemwe adayamba mapemphero pansi pa mtengo uti, yemwe adabisa Baibulo pothawa nkhondo, ndi yemwe adaumba njerwa zoyamba atabwerera. Anthu amenewa akutha mmodzimmodzi, ndipo chaka chilichonse maliro amapita ndi masamba amene sadalembedwe.

Misonkhano ya mipingo yokambirana za chuma idzachitika monga mwa nthawi zonse. Pa mndandanda padzakhala malata, simenti, thandizo la abusa ndi ulendo wa kwaya. Mzere wa mabuku sudzadzilemba wokha. Mwa dongosolo la a Baptist, pafunika Mkhristu mmodzi woti aimike dzanja n'kuutchula, wina womuvomereza, ndi msungichuma woti aulembe m'kope.